Gayidi yatha ntchito koma buku lenilenilo silinatsegulidwe, ndipange bwanji?

Nangozo:

Moni nonse muno. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuyambira Lamlungu, anzanga okonda mabuku mundigawireko nzeru. Ndimakhala ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata, chaka chino akulemba mayeso ndipo pa literature ali ndi mabuku atatu oti awerenge. Ine ndinamugulira onse atatu, nkuwonjezerapo kagayidi kena kopyapyala kofotokoza mabukuwo mwachidule, komwe amalira kuti anzake onse ali nako. Ndiye Lamlungulo ndikusesa kuchipinda kwake ndapeza Things Fall Apart ili kuseri kwa bedi, yatsopano ngati ndagula dzulo, kumsana kwake kulibe olo kamzere kosonyeza kuti munthu anayitsegulapo, pomwe gayidi ija chikuto chinachoka kalekale, masamba anachita kuda ndi thukuta, mkati monse anakhwatchakhwatcha ndi bolopeni yofiira.

Nditamufunsa akuti “anti, bukulo ndi lalitali, zofunika zonse zili mu gayidimu.” Ndinamuyesa, ndani anapha Ikemefuna, wayankha. Chifukwa chani, wayankhanso ngati wailesi, osapuma. Ine nkusowa pomugwira.

Funso langa ndi loti kodi ndimulande gayidiyo mpaka amalize bukulo, kapena ndine wachikale chabe? Komanso poti ndabwera kale, inenso ndikufuna kuyambiranso kuwerenga, ndimakonda za mbiri yakale koma buku lililonse la histole lomwe ndagwirapo limandigoneka pa peji yachitatu. Ena akundiuza kuti ndingowerenga manovelo onena za kale, akuti ndi chimodzimodzi. Zoona zimenezo?

Mphunzitsi_wopuma:

Mayi Nangozo, musamulande. Mukamulanda akabwereka kwa mnzake mawa lomwe, inu nkusanduka mdani. Koma simukulakwa kudandaula.

Ine ndachongapo mapepala a ana zaka zambiri, ndipo mwana wa gayidi amadziwika pa mzere woyamba. Ana makumi atatu chiganizo chimodzimodzi, mpaka polakwika pomwe kulakwira limodzi. Funso likabwera mmene analowezera amakhoza ndithu, sindinama. Likangopindidwa pang'ono, kaya amupatse kandime kochokera m'bukumo nkumufunsa kuti apa akuyankhula ndani ndipo zisanachitike izi kunachitika chani, mwana uja amangoluma bolopeni.

Tengani nkhani ya Ikemefuna yomweyo. Gayidi imati Okonkwo anapha mnyamatayo poopa kuoneka wofooka ngati bambo ake Unoka, basi yatha, pitani pa mfundo ina. Si bodza. Koma tsegulani mutu 7 muone. Mwana uja wakhala pakhomo pa Okonkwo zaka zitatu, amamutcha bambo, wasanduka mkulu wake wa Nwoye, mwana wa Okonkwo. Mkulu wina wokalamba, Ezeudu, wabwera kudzamuchenjeza Okonkwo kuti iwe usaikepo dzanja pa imfa imeneyi. Mnyamatayo amunamiza kuti akumuperekeza kwawo, wasenza mphika wa uchema pamutu, ali pakati pa azibambo a zikwanje m'kanjira ka m'nkhalango, ndipo iye m'mutu mwake akuganiza za mayi ake ndi kamlongo kake, kuti kaya kakula bwanji, mpaka akuyimba kanyimbo chamumtima kwinaku akuwerenga mapazi kuti aone ngati mayi ake ali moyo. Inu owerenga mukudziwa chomwe chikubwera, iye sakudziwa. Chikwanje choyamba chitatsika mphika nkusweka, akuthawira kwa munthu yemwe amamutcha bambo uja, ndipo ndi yemweyo akumumaliza. Kenako Okonkwo masiku awiri osadya kanthu, kumangomwa. Mwana amene wayenda nawo m'kanjira kameneko safunika kuloweza kuti Nwoye anathawiranji kwa amishoni, amadziwa yekha. Wa gayidi amaloweza ngati ndi nkhani ziwiri zosiyana, ina pa peji iyi ina pa peji iyo.

Ndipo chimandiseketsa ndi chakuti Achebe, wolemba bukuli, anachita ngati akuwanena anthu olemba zidule. Kumapeto kwa bukulo Okonkwo atadzimangirira, bwana DC wachizungu uja akuchoka pamalopo akulingalira za buku lomwe akulemba, kuti nkhani ya munthu ameneyu ingakwane mutu wathunthu, kenako nkusintha maganizo kuti ayi, ndime imodzi yabwino ikwanira. Munthu amene takhala naye mitu 25, wina akumupanikiza mu ndime imodzi. Nthawi zonse ndikafika pamenepo ndi ana ndinkawauza kuti tulutsani magayidi anu muwerenge mmene amufupikitsira Okonkwo, kalasi yonse inkangoti zii.

Bukulo si lalitali ayi, linatuluka mu 1958 ndipo Chingerezi chake nchosavuta kuposa cha m'manyuzi ambiri. Mitu 25, mutu umodzi pa tsiku, mwezi usanathe wamaliza. Gayidi aziyitsegula akamaliza mutu, osati asanayambe.

Kadzidzi_99:

Aphunzitsi ndakumvani ndipo ulemu wanu, koma tisamainyoze kwambiri gayidi ngati ndi satana kkkk. Ine ndi mmodzi mwa anthu omwe inawapulumutsa. Animal Farm ndinaiwerenga yonse, kawiri, ndili ndekha, ndipo ndinkangoti ndi nthano ya nkhumba zadyera ngati zija za kalulu ndi fisi. Zinandikhudza inde, makamaka hatchi ija Boxer yomwe inagwira ntchito mpaka kugwa kenako nkuikweza m'ngolo ati ikupita kuchipatala chonsecho aigulitsa kwa opha mahatchi, bulu Benjamin yekha ndi amene anawerenga zolembedwa pangoloyo mochedwa kale. Koma zoti nkhumba ija Napoleon ikuimira Stalin, inzake Snowball ikuimira Trotsky, kuti kuthamangitsa mwini famu kuja ndi zomwe zinachitika ku Russia mu 1917, ndikanazidziwira kuti ine? M'bukumo mulibe dzina la Russia olo pamodzi. Orwell analitulutsa mu 1945, owerenga a nthawi imeneyo zinthuzo ankazidziwa kale, Trotsky anali atangophedwa ku Mexico mu 1940. Ife tabadwa dzulodzuloli wina akuyenera kutiuza basi. Nditawerenga gayidi ndinabwereranso ku bukulo kachitatu ndipo linali ngati buku lina.

Nanga Shakespeare? Tinene zoona abale, ndani muno anamva Macbeth ulendo woyamba popanda wothandiza? Chingerezi cha zaka 400 zapitazo, ngakhale eni ake chiyankhulocho amawerenga ndi manotsi m'munsi mwa peji. Mwana ali ndi maphunziro enanso asanu ndi awiri akumudikira, masamu, sayansi, ndiye mumuuze akhale ndi dikishonale mzere ndi mzere? Anti musamuone ngati waulesi mfanayo, akungowerengera nthawi yake.

Mphunzitsi_wopuma:

A Kadzidzi, mwadzigwira nokha. Mwanena kuti munawerenga kawiri musanaione gayidi, ndipo Boxer anali atakupwetekani kale mtima. Gayidi inapeza pomata. Mwana wa mayi Nangozo akumata pamphepo. Za Shakespeare ndikuvomera, ameneyo ndi sewero, analilembera kuti lioneredwe, mwana aonere kaye kapena awerenge mokweza ndi anzake aliyense atenge mbali yake, manotsi ali pambali.

Kadzidzi_99:

Kkkkk mwandipeza akulu. Koma mfundo yanga ikhalebe, gayidi yabwino ilipo.

Namaseko:

Yabwino ilipo koma yoipa ndiye yochuluka, ine ndilankhulepo pamenepo chifukwa zinandionekera. Mwana wanga wamkazi anabwera ndi ina yongopanga fotokope, yopanda dzina la wolemba olo chaka, inalemba kuti Okonkwo anathamangitsidwa ku Umuofia chifukwa chopha Ikemefuna. Bodza lenileni! Anathamangitsidwa zaka 7 kupita kwawo kwa mayi ake ku Mbanta chifukwa mfuti yake inaphulika mwangozi pa maliro a Ezeudu nkupha mwana wa malemuyo. Za Ikemefuna palibe anamuimba mlandu pabwalo, mnzake Obierika yekha ndi amene anamudzudzula. Mwana wanga anakangana nane mpaka misozi ati gayidi singalakwe, ndinachita kumutsegulira peji. Ndiye mukamagula onani kuti walemba ndani, komanso ngati ikutchula mitu ya m'buku kuti munthu nkukatsimikiza. Yongoti mfundo zazikulu 1, 2, 3, ampangankhani 1, 2, 3, osakuuza pokazipeza, imeneyo ndi ya bizinesi chabe.

Pa funso lanu lachiwiri asisi, yambani ndi Half of a Yellow Sun ya Chimamanda Adichie. Ine nkhondo ya Biafra ndinkangoimva dzina, kuti inayamba 1967 nkutha 1970 ku Nigeria, basi. Koma bukuli linandilowetsa m'nyumba mwa anthu, kamnyamata kantchito Ugwu, mapasa awiri Olanna ndi Kainene osafanana olo pang'ono, anthu ophunzira omwe ankachezera pa mipando ya sofa nkumatsutsana za ndale kenako ukuwaona ali pa mzere wolandira chakudya. Ndinamaliza masiku anayi, ntchito zapakhomo zinaima, ndipo mathero ake mpaka lero ndikadali nawo mkwiyo, sindiulula kuopa kukuonongerani.

Wa_Histole:

Ndalowa mochedwa koma funso lachiwirilo ndi langa. Mayi Nangozo, amene akukuuzani kuti novelo ndi histole ndi chimodzimodzi akukunamizani, ngakhale akunama mwachikondi.

Poti a Kadzidzi atchula Macbeth tiyambire pomwepo. Macbeth anali munthu weniweni, mfumu ya Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057. Mu sewero akupha Duncan, nkhalamba yabwino mtima, usiku ili mtulo m'nyumba mwake momwe, kenako ufumu wake ndi wa magazi okhaokha ndipo sukhalitsa. M'mbiri yeniyeni Duncan sanali nkhalamba, ndipo anafera kunkhondo akumenyana ndi gulu la Macbeth. Macbeth analamulira zaka 17, mpaka mu 1050 anapita ulendo wachipembedzo ku Rome, tsono mfumu yomwe mpando wake ukugwedezeka singasiye dziko nkupita ulendo wautali choncho. Nanga Shakespeare anapotozeranji? Onani amene anali pampando nthawi yomwe amalemba. James wa ku Scotland anali atangotenga ufumu wa England mu 1603, ndipo banja lake linkati linachokera kwa Banquo, mnzake wa Macbeth mu seweroli. M'buku la mbiri la Holinshed lomwe Shakespeare anatapamo nkhaniyi, Banquo anathandizana ndi Macbeth kupha mfumu. Mu sewero Banquo wasanduka munthu woyera manja. Ungaike kholo la mfumu pa siteji ngati chigawenga mfumuyo ili pompo? Seweroli ndi lokoma, ine ndimalikonda, koma ukalitenga ngati mbiri wamunamizira munthu wakufa.

Sindikuti novelo ya asisi Namaseko ndi yabodza ayi, Adichie anafufuza ndipo nkhondoyo inakhudza banja lake lomwe. Koma iye anasankha kuima mbali imodzi ya mzere wa nkhondo, pakati pa anthu a Chiigbo, ndipo ndi ufulu wake, novelo siikakamizidwa kumva mbali zonse. Mukamaliza mudziwa mmene njala ya ku Biafra inkawawira, koma zoti mafuta a pansi analowapo bwanji, maiko akunja anaima ndi ndani ndipo chifukwa chani, asilikali analanda boma kawiri mu 1966 zinayenda bwanji, zimenezo muzingozimva patalipatali ngati wailesi ya kwa aneba.

Vuto lanu logona pa peji yachitatu si inu, ndi mabuku omwe mwakumana nawo. Ambiri a ife histole tinaidziwira m'mabuku a kusukulu, zifukwa zisanu za chakuti, zotsatira zisanu za chakuti, amenewonso ndi magayidi omwewo kungoti ndi onenepa. Yesani King Leopold's Ghost ya Adam Hochschild, ya 1998. Ndi mbiri yeniyeni, ya Congo nthawi yomwe dziko lonse lija linali ngati munda wa munthu mmodzi, Leopold II mfumu ya Belgium, kuyambira 1885 mpaka boma la Belgium linamulanda mu 1908, ndipo iye ku Congo sanapondeko phazi. Muli kalaliki wina wa kampani ya sitima zapamadzi, Morel, yemwe ntchito yake inkamufikitsa pa doko la Antwerp. Akuona sitima zikubwera zodzadza ndi mphira ndi minyanga ya njovu, koma pobwerera zikunyamula mfuti, zipolopolo ndi asilikali, katundu wogulitsa pafupifupi palibe. Munthu uja nkudzifunsa, ngati sitikutumiza zolipirira, anthu akumenekowo akugwira ntchito chifukwa chani? Yankho analipeza pa mapepala a katundu, asanaone ndi maso dzanja lodulidwa ngakhale limodzi. Ndiuzeni ngati mungagone pamenepo.

Kachizolowezi kanga, ndikagwira buku la mbiri ndimayamba kumbuyo. Ndione kuti wolembayu zake wazitenga kuti, makalata, malipoti a boma, anthu omwe anacheza nawo. Kumbuyo kukakhala mbee ndimalibweza pa shelefu.

Gogo_Wowerenga:

Ana inu mwatchula za ku Nigeria, Russia, Scotland, bwanji a m'chiyankhulo chomwe tikulemberana panochi? Nthondo ya Samuel Nthara inapambana mpikisano wa mabuku a m'ziyankhulo za mu Africa mu 1933, nkumasuliridwa m'Chingerezi, Things Fall Apart kusanaganizidwe nkomwe. Mutha kutsutsana nayo mmene imathera, kuti ikukoka kwambiri kumbali ya mishoni, inenso ndimatero, koma Chichewa chake mukachilawa mudzazindikira kuti ife tikungoyankhula makoko. Imeneyonso ndaonapo ana akuifupikitsa pa pepala limodzi, mawu onse okoma aja atatayidwa.

Ndipo a Wa_Histole anena zoona za kuyamba kumbuyo. Pa nkhani ya John Chilembwe ndi kuukira kwa pa 23 January 1915, buku lomwe ambiri amatsamira ndi Independent African la Shepperson ndi Price, la 1958, ndi chibuku cholemera ndithu, chofuna kudekha, ine ndinatha nacho miyezi. Pali linanso la George Mwase, lalifupi komanso lotentha, lokoma kuwerenga, koma iyeyo pa zochitikazo panalibe, analemba zomwe anamva kwa munthu amene analipo. Onse awiri ndi ofunika, bola uzidziwa kuti uyu akuwerenga makalata, uyu akubwereza zomwe anauzidwa. Maso anga masiku ano salola zilembo zing'onozing'ono, mdzukulu ndi amene amandikulitsira pa foni.

Namaseko:

A Wa_Histole sindikukana, koma dziwani kuti ine buku la mbiri ya Biafra ndinalifunafuna chifukwa cha novelo ija. Chipanda Ugwu sindikanalisaka. Ndiye asisi ayambe ndi chomwe sichiwagoneka, zinazo zibwera zokha.

Wa_Histole:

Pamenepo tagwirizana mayi. Changa nchakuti asadzaime pagulu nkumati Macbeth anapha mfumu ili mtulo, ndinawerenga.

Kadzidzi_99:

Agogo mwatichititsa manyazi kkkk, Nthondo ndinangoimva dzina. Ndiisaka. Anti, kanzeru kena, mfanayo musamufunse mafunso a “ndani” ndi “chifukwa chani”, amenewo gayidi inamukonzekeretsa kale. Mufunseni zopusa zomwe gayidi singalembe, ngati Ikemefuna ananyamula chani pamutu tsiku lija, kapena Okonkwo anamumenyeranji mkazi wake sabata ya mtendere ija. Ife aphunzitsi athu ankatigwira choncho.

Nangozo:

Zikomo nonse, sindimayembekezera kuti mundiyankha chonchi. Gayidi sindinamulande. Dzulo titadya ndinangotenga bukulo nkukhala pa mpando nkuyamba kuwerenga mutu 7 mokweza ngati ndikudziwerengera ndekha, iye ali pa foni kwinaku akunamizira kuti sakumva. Pofika pomwe anyamuka ulendo wa m'nkhalango foni ija inali itagona pa ntchafu. Ndinasiyira dala pomwe munthu wakumbuyo uja wakhosomola nkusolola chikwanje, nkutseka buku, ndati ndatopa ndikukagona. Akuti “anti malizitsani”, ndati umadziwa kale mathero ake si unandiyankha Lamlungu. Bukulo ndinalisiya patebulo.

Mmawa uno patebulo palibe, ndasuzumira kuchipinda ndaliona lili pa pilo, lavundikiridwa chotsegula, ndipo kumsana kuja kwayamba kamzere. Sindinamufunse kanthu. Kaya apitiriza kaya abwerera ku gayidi yake, tiona Loweruka ndikamufunsa funso la a Kadzidzi la sabata ya mtendere, lomwe inenso yankho lake ndaiwala, ndiyenera ndibe bukulo akapita kusukulu.

A Wa_Histole, la Congo lija ndi lalitali bwanji? Ndiuzeniretu ndisanalisake, ndipo ngati muli zithunzi za manja odulidwa zija mundichenjeze, ine ndimawerenga usiku.